Magalimoto akale akutha ku Japan, amakaniko a ku Tete akadali ndi sipanala m'manja

TETE – Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito amene akutsika m'sitima pa madoko a Beira, Nacala ndi Maputo masiku ano sakufanana ndi amene ankatsika zaka 15 zapitazo. Kunja akuoneka bwino kuposa kale ndipo akumwa mafuta ochepa, koma munthu akatsegula boneti akupeza pulasitiki, mawaya ndi timabokosi ta kompyuta pamalo pamene kale injini yonse inkaonekera poyera. Kusintha kumeneku kwabutsa mkangano m'magalaja, kapena kuti ma oficina, a mu mzinda wa Tete, ku Moatize ndi ku Ulongwe. Mkanganowu ukukhudzanso mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano amene amadalira Canter kuti mbewu yake ikafike pa msika isanawole, mayi woyembekezera wa ku Chifunde amene akudikira ambulansi, ndi aliyense amene amakwera chapa pa msewu wa N7.

Gwero la nkhaniyi lili kutali. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri a m'chigawo chino anayamba ayenda ku Japan. Mayiko awiriwa amayendetsa kumanzere kwa msewu, choncho galimoto ya chiwongolero cha kumanja imangotsika m'sitima, kulipira msonkho ku Alfândega, kulandira matrícula n'kuyamba ntchito. Ku Japan lamulo limafuna kuti galimoto ya munthu wamba iyesedwe ikakwanitsa zaka 3, kenako zaka 2 zilizonse. Kuyesa kumeneku, komwe kumatchedwa shaken, kumapita limodzi ndi misonkho ndi inshuwalansi, ndipo kumadya ndalama zambiri moti anthu ena amaona kuti kuli bwino kugulitsa galimoto ikadali ndi mphamvu. Lipoti la UNEP, nthambi ya United Nations yoona zachilengedwe, lomwe linatuluka mu Okutobala 2020, linanena kuti pakati pa 2015 ndi 2018 mayiko a European Union, United States ndi Japan anatumiza kunja magalimoto ang'onoang'ono okwana 14 miliyoni ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo 40 pa 100 alionse anabwera ku Africa.

Choncho zimene munthu wa ku Angónia angagule lero anazisankha ndi mainjiniya a Toyota, Honda, Nissan ndi Mazda zaka 10 kapena 15 zapitazo, akuganizira misewu ya ku Nagoya, mafuta a ku Japan ndi magalaja a ku Japan. Palibe amene ankaganiza za matope a ku Dómuè mu Febuluwale.

Munthu wa Hilux yosuluka

Aliyense amene wakhalapo pa galaja kudikira galimoto yake amamudziwa munthu uyu. Amakhala ndi Hilux ya injini ya 3L kapena 5L, nthawi zina Land Cruiser ya 1HZ, ya utoto wosuluka ndi dzuwa la ku Tete, ndipo salola kuti wina aitchule chiphakasa. Akaona Ractis yonyezimira ikukokedwa ndi chingwe amaseka n'kukumbutsa anzake za chikomekome cha mkuyu chomwe m'kati muli nyerere. Maganizo ake sasintha. Iye amati galimoto yakale imakonzedwa pansi pa mtengo wa mango, chitsulo chake n'cholimba ndipo chimateteza munthu pa ngozi, pamene zatsopanozi anazipanga kuti zikope maso, zife msanga, mwini wake akagule ina.

Pa nkhani yokonza, munthuyu akunena zoona, ndipo chifukwa chake chili mu injini momwemo. Injini ya 1HZ, ya malita 4.2, yomwe Toyota inayamba kupanga mu 1990, imalandira dizilo kudzera mu pampu yomwe imazunguzidwa ndi injini yomweyo. Mphamvu ya pampu ndiyo imatsegula ma injekita. Madzi kapena fumbi zikalowa mu dizilo, galimoto imatsokomola n'kuzima, makaniko amachotsa sefa ya mafuta, amatsuka, amatulutsa mpweya m'mapaipi, ulendo n'kupitirira. Zida zofunika zimakwana m'kathumba kamodzi. Pa msewu wa ku Furancungo kapena wa ku Fíngoè, komwe foni imataya netiweki ndipo galaja yapafupi ili mtunda wa maola angapo, zimenezi zimasiyanitsa kugona kunyumba ndi kugona kutchire.

Injini za dizilo zamakono, monga D-4D za Hilux zapambuyo pake, zimagwira ntchito mwa njira ina yomwe imatchedwa common rail. Dizilo amasonkhanitsidwa m'paipi imodzi pa mphamvu yomwe m'mainjini atsopano imafika ma bar 2,000 kapena kuposa, ndipo kompyuta imatsegula injekita iliyonse ndi magetsi kangapo pa kuphulika kumodzi. N'chifukwa chake injini ya malita 2.8 ya lero imakoka kuposa ya malita 4.2 yakale, imamwa pang'ono ndipo situlutsa utsi wambiri. Koma timabowo ta injekita yotere n'tating'ono kwambiri, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa zitsulo za m'pampu. Madzi pang'ono, mchenga pang'ono kapena palafini wosakanizidwa ndi wogulitsa wadyera, zimakwanira kupha pampu ndi ma injekita onse pamodzi. Injekita yatsopano ikaikidwa, nambala yake iyenera kulembedwa mu kompyuta ya galimoto, ntchito imene sipanala singagwire.

Apa m'pamene mafuta a m'zigubu amalowa m'nkhani. M'maboma akutali ma bomba ndi otalikirana, ndipo oyendetsa ambiri amagula petulo ndi dizilo m'mabotolo ndi m'zigubu m'mbali mwa msewu. M'nyengo zimene mafuta amasowa ku Malawi, malonda amenewa amakula kwambiri m'malire a Calómuè, Zóbuè ndi Biri Biri. Injini yakale imapirira mafuta otere. Yatsopano imapirira miyezi ingapo, kenako imabwezera.

Ngakhale mafuta a pa bomba ali ndi nkhani yawo. Kuyambira mu 2017 dizilo wolowa mu Moçambique, Malawi ndi Zimbabwe ndi wa sulufule wosapitirira 50 ppm, kutsika kuchoka pa 500 ppm. Kunali kusintha kwakukulu, koma ku Ulaya dizilo wa pa msewu ndi wa 10 ppm kuyambira mu 2009, ndipo magalimoto a mulingo wa Euro 5 ndi Euro 6 anapangidwira dizilo ameneyo. Ali ndi sefa yogwira mwaye mu paipi ya utsi, DPF, yomwe imadziyeretsa yokha galimoto ikayenda ulendo wautali itatentha. Ikamangozungulira mu tauni, kapena ikathiridwa oyilo wosayenera, sefayo imatseka, kompyuta n'kuchepetsa mphamvu ya injini. Ena amafunanso madzi a AdBlue, ndipo akatha galimoto imakana kulira ngakhale thanki ili yodzaza.

Okonda zakale amakonda kutchula Land Cruiser 70 ngati umboni wawo. Galimoto imeneyi inatuluka mu 1984 ndipo ikupangidwabe, chifukwa migodi, mabungwe othandiza anthu ndi maunduna a zaumoyo m'mayiko ambiri a mu Africa akuifunabe. Toyota inayambiranso kuigulitsa ku Japan mu Novembala 2023. Chimene okonda zakalewa satchula kawirikawiri n'chakuti inabwerera ndi injini ya malita 2.8 ya common rail ndi giya yodzisintha yokha. Thupi ndi lakale lomwe lija, koma mtima wake ndi wa kompyuta.

Ndalama zakunja zawonjezera mphamvu ku mbali ya zakale. Kwa zaka zingapo dola imodzi yakhala pafupifupi pa meticais 64, koma mu 2024 ndi 2025 bungwe la amalonda la CTA linadandaula mobwerezabwereza kuti m'mabanki madola sakupezeka. Kwa wogulitsa zipangizo za magalimoto, zomwe ambiri kuno amangoti ma peça, zimenezi zikutanthauza kudikira. Chipangizo cha Hilux yakale chimapezeka ku sucata, kapena chimachotsedwa pa Hiace ya injini yofanana, kapena chimapalidwa pa makina kuti chikwane. Kompyuta ya giyabokosi kapena sensa ya galimoto ya 2015 iyenera kuitanitsidwa ku Johannesburg, Durban, Dubai kapena ku Japan komweko, ndipo iyenera kufanana nambala ndi nambala. Lole ikaima milungu itatu nthawi yokolola mbatata kapena yonyamula fodya kupita ku fakitale ya Mozambique Leaf Tobacco, mwini wake wataya chaka.

Zambiri sizifa zokha, zimaphedwa

Komabe si galimoto iliyonse yamakono yogona pa galaja imene inagonja chifukwa chopangidwa molakwika. Honda Fit, Ractis, Vitz ndi ma Nissan ambiri ali ndi giyabokosi ya CVT, yomwe imayenda ndi lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri m'malo mwa mano a giya. Imafuna oyilo wakewake. Munthu akathiramo oyilo wofiira wa giyabokosi wamba chifukwa ndi amene anapezeka pa shopu, lamba uja amayamba kuterereka, ndipo pakapita miyezi ingapo galimoto imangolira osayenda. Mlandu umagwera Honda. Chimodzimodzi ndi chizolowezi chochotsa termostato poganiza kuti ku Tete, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, injini siifuna. Injini ya kompyuta ikapanda kufika pa kutentha komwe inapangidwira, kompyuta imaganiza kuti ikadali yozizira ndipo imapitiriza kuthira mafuta ambiri. Madzi a pa chitsime othiridwa mu ladiyeta amadya aluminiyamu pang'onopang'ono mpaka mutu wa injini upindike. Ndipo nyale yochenjeza ikayaka pa dashibodi, mankhwala ake otchuka ndi kachidutswa ka tepi yakuda.

Amakaniko ambiri a m'chigawo chino sanaphunzire ku sukulu. Analowa pa galaja ali anyamata ngati ajudante, akutsuka zitsulo ndi petulo ndi kupatsira mestre masipanala, mpaka khutu lawo linazolowera kumva vuto la injini pa kulira kwake. Luso limeneli ndi lenileni, ndipo ndi limene lasunga magalimoto a zaka 30 pa msewu. Vuto lake n'lakuti waya woduka m'kati mwa chikopa chake salira. Galimoto yamakono imanena yokha pamene pakupweteka, kudzera pa kabowo kolumikizira makina komwe kamakhala pansi pa chiwongolero. Njira imeneyi, OBD-II, inakhala lamulo ku United States mu 1996 ndipo ku Ulaya inayamba mu 2001 pa magalimoto a petulo. Kachipangizo kowerengera kolumikiza ku foni sikadula kuposa tayala limodzi, ngakhale kuti magalimoto ena akale a msika wa ku Japan sayankhulana ndi totsika mtengoto.

Koma kuwerenga nambala ya vuto si kupeza vuto. Makina akalemba kuti sensa ya mpweya sikupereka uthenga woyenera, chifukwa chake chikhoza kukhala sensayo, waya wodyedwa ndi khoswe, paipi yong'ambika kapena batire yofooka. M'tauni mwabuka anyamata okhala ndi laputopu amene amalipiritsa powerenga nambala, kuifufuta, n'kuuza mwini galimoto kuti akagule chipangizo chatsopano. Akagula, nyale ija imayakanso. Galaja imene ikupambana masiku ano ndi imene mestre wa khutu ndi mnyamata wa laputopu akugwirira ntchito limodzi, ndipo zotere zikadali zochepa.

Pali gawo lina limene wokonda zakale akulondola kuposa mmene iye mwini akudziwira. Makampani ena amatseka mbali za kompyuta kuti kiyi watsopano, kapena chipangizo chatsopano, chivomerezedwe ndi makina a wogulitsa wawo yekha. Nkhondo yolimbana ndi zimenezi ikuchitika m'mayiko ambiri. Ku South Africa, komwe kumachokera ma Hilux a ku Durban, ma Ranger a ku Pretoria ndi ma Isuzu a ku Gqeberha amene amadzaza migodi ya ku Moatize, bungwe la Competition Commission linakhazikitsa malangizo kuyambira pa 1 Julayi 2021 olola mwini galimoto yatsopano kukakonzetsa ku galaja yoima payokha popanda kutaya chitsimikizo cha kampani, komanso ofuna kuti opanga magalimoto azipereka chidziwitso chokonzera kwa amakaniko oima paokha. Kwa munthu wa ku Zumbo, amene wogulitsa wovomerezeka ali kutali ndi iye ulendo wa tsiku lathunthu, nkhani yotere ndi yofunika kuposa kwa munthu wa ku Sandton.

Chitsulo cholimba sichipulumutsa

Pa nkhani ya ngozi, wokonda zakale walakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kumapha. Zimene iye amaona n'zakuti galimoto yakale ikagundana ndi yatsopano pang'onopang'ono pa msika, yakale imangokalika pamene yatsopano imaphwanyika mphuno. Koma mphuno imeneyo anaipanga dala kuti izipindika, kuti mphamvu ya kugundako ithere mu chitsulo isanafike pa chifuwa cha munthu, pamene chipinda chokhalamo anthu anachilimbitsa kuti chisapindike. Mu 2009 bungwe la IIHS la ku United States linagundanitsa Chevrolet Bel Air ya 1959 ndi Chevrolet Malibu ya 2009. Bel Air, ya chitsulo chochindikala chija, inapindika mpaka pa mpando wa woyendetsa. Chipinda cha Malibu chinatsala pafupifupi momwe chinalili.

Chitsanzo chapafupi n'chopweteka kwambiri, chifukwa chikuonetsa kuti kugula yatsopano pakokha si chitetezo. Mu 2018 bungwe la Global NCAP, mogwirizana ndi AA ya ku South Africa, linayesa Nissan NP300 Hardbody, galimoto yodziwika m'misewu yonse ya kumwera kwa Africa, ndipo pa chitetezo cha akuluakulu sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi. Mu 2020 bungwe lomwelo linagundanitsa Hardbody yatsopano yogulitsidwa mu Africa ndi Nissan Navara ya 2015 yogwiritsidwa kale ntchito ku Ulaya. Yogwiritsidwa kale ntchito ija ndi imene inateteza woyendetsa. Hardbody inali pulani yakale yomwe inkagulitsidwabe ngati yatsopano, yokondedwa chifukwa chosavuta kukonza, ndendende zimene wokonda zakale amapempha.

Lipoti la World Health Organization la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa, chomwe chili ndi magalimoto pafupifupi 3 pa 100 alionse a pa dziko lapansi, chimanyamula imfa pafupifupi 19 pa 100 zilizonse. Zaka za galimoto si chifukwa chokhacho. Liwiro, mowa, kudzaza anthu mopitirira muyeso, matayala otha ndi kunyamula anthu kumbuyo kwa caixa aberta zimapha mosayang'ana chaka chimene galimoto inapangidwa. Ambiri mwa akufawo sakhala n'komwe m'galimoto: ndi oyenda pansi, apanjinga ndi okwera táxi-mota, ndipo kwa iwo chitsulo cholimba cha kutsogolo kwa Land Cruiser ndicho mdani.

Chitetezo cha galimoto yamakono nachonso chimatha ikafika kuno. Airbag ikaphulika pa ngozi, bate-chapa ambiri amangomata chivundikiro n'kuchotsa babu la nyale yochenjeza, ndipo wogula wotsatira amayenda akudalira chinthu chomwe kulibe. Sensa ya ABS ikafa, imasiyidwa. Palinso nkhani ya Takata, kampani ya ku Japan yomwe inagwa mu 2017 zitadziwika kuti mankhwala ophulitsira ma airbag ake amawonongeka ndi kutentha komanso chinyezi, n'kuphulika mwamphamvu ndi kuponya tizitsulo kumaso kwa woyendetsa. Ma airbag oposa 100 miliyoni anaitanidwa kuti akasinthidwe pa dziko lonse. Ambiri anali m'magalimoto a Honda, Toyota, Nissan ndi Mazda a zaka za m'ma 2000, omwewo amene adzaza misewu ya kuno. Kalata yoitana galimoto imapita kwa mwini wake wolembedwa ku Japan. Ngati galimotoyo inali itakwera kale sitima, kalatayo sinaipeze, ndipo ikuyenda mu kutentha kwa chigwa cha Zambeze.

Mabatani akubwerera

Pa kaonekedwe ndi kapangidwe ka m'kati, dziko layamba kugwirizana ndi munthu wa Hilux uja. Makampani anasamutsira zinthu zambiri pa sikirini yogwira ndi chala chifukwa sikirini imodzi ndi yotsika mtengo kuposa mabatani makumi awiri. Woyendetsa amachotsa maso pa msewu kuti achepetse mphepo yoziziritsa. Bungwe la Euro NCAP linalengeza kuti kuyambira mu 2026 galimoto izitaya mapointi ngati ilibe mabatani kapena ndodo zenizeni za ma indiketa, nyale za ngozi, hutala ndi zopukutira galasi. Kuno sikiriniyo imabwera ikulankhula Chijapani, ikuonetsa mapu a Osaka galimoto ili pa mlatho wa Samora Machel. Wailesi yake nayo ili ndi vuto limene omvera ambiri amalidziwa: ku Japan FM inkayambira pa 76 kulekeza pa 90 MHz, choncho nyumba zoulutsira mawu zimene zili pamwamba pa 90 sizimveka pokhapokha munthu ataikamo kachipangizo kosinthira.

Matayala opyapyala pa malimu aakulu, mimba yotsika pafupi ndi nthaka, nyale yakutsogolo yomwe babu lake likafa umagula nyale yonse, ndi kabotolo ka guluu m'malo mwa tayala lapadera, zonsezi ndi zosankha za anthu okhala m'mizinda ya phula losalala. Dzenje limodzi la pa N304 pakati pa Mussacama ndi Ulongwe limayankha nkhaniyi mofulumira kuposa mkangano uliwonse wa pa galaja.

Boma lili pakati

Mayiko ena a mu Africa asankha njira zosiyana. South Africa imaletsa pafupifupi magalimoto onse ogwiritsidwa kale ntchito kuti iteteze mafakitale ake, ngakhale kuti doko la Durban limalandira ambiri ongodutsa, ena mwa iwo n'kudzera pa Cuchamano ndi Zóbuè kupita ku Malawi. Kenya silola galimoto yopitirira zaka 8. Zimbabwe inakhwimitsa lamulo mu 2021 pa magalimoto opitirira zaka 10. Moçambique yadalira kwambiri msonkho: wogula amalipira msonkho wa pa malire, msonkho wa ICE womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, komanso IVA yomwe kuyambira mu Januwale 2023 ili pa 16 pa 100.

Malire a zaka ndi osavuta kulemba m'lamulo, koma amayeza chinthu cholakwika. Corolla ya zaka 12 yosamalidwa ku Japan ikhoza kukhala yabwino kuposa ya zaka 5 yomwe inamira m'madzi osefukira n'kupukutidwa. Komanso galimoto zolowa zikakwera mtengo, munthu wosauka sagula yatsopano. Amapitiriza kumanga ndi waya imene ali nayo, ndipo magalimoto a pa msewu amakalamba m'malo mokhala atsopano. Chimene chingasiyanitse yabwino ndi yoopsa ndi inspecção yoona, yoyeza mabuleki, chiwongolero, matayala, malamba ndi nyale ya airbag, ndipo iyenera kupezeka pafupi ndi kumene anthu amakhala. Pepala la inspecção likamaoneka ngati msonkho wina wongofuna sitampu, INATRO ndi apolisi a pa msewu amakhala akuwerenga mapepala pamene chapa ya mabuleki a mbali imodzi ikutsetsereka ku Zóbuè.

Utsi nawo uli m'nkhani. Galimoto zambiri zikafika kuno zimachotsedwa catalisador, chipangizo choyeretsa utsi, chifukwa m'kati mwake muli zitsulo zodula za platinum, palladium ndi rhodium zomwe zili ndi ogula. Ena amachotsa pokhulupirira kuti injini ipuma bwino. Galimoto yamakono yochotsedwa chipangizochi imaipitsa mpweya mofanana ndi yakale, ndipo amene amapuma utsiwo tsiku lonse ndi amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu.

Zimene zili m'sitima yotsatira

Mkangano wonsewu ukuchitika pamene gwero lenilenilo likusintha. Toyota Prius, yoyenda ndi petulo pamodzi ndi magetsi, inatuluka mu 1997, ndipo Aqua inatuluka kumapeto kwa 2011 n'kukhala imodzi mwa galimoto zogulidwa kwambiri ku Japan. Boma la Japan linalengeza mu 2021 kuti likufuna kuti pofika 2035 galimoto zonse zatsopano za anthu wamba zikhale za magetsi kapena za hybrid. European Union inavomereza mu 2023 lamulo lothetsa kugulitsa galimoto zatsopano zotulutsa utsi kuyambira 2035, ngakhale kuti lamulolo likukanganidwabe. Zimene Japan ikugula lero ndi zimene Beira idzatsitse zaka 10 zikubwerazi.

Hybrid ili ndi phindu lenileni kwa woyendetsa taxi mu tauni, chifukwa imapulumutsa mafuta pamene galimoto imaima n'kunyamuka pafupipafupi, ndipo mabuleki ake amachedwa kutha. Mdani wake ndi kutentha ndi fumbi. Batire yaikulu ya Aqua ili pansi pa mpando wakumbuyo ndipo imaziziritsidwa ndi kafani kokoka mpweya m'kati mwa galimoto. Kafaniko kakadzaza fumbi, batire imapsa pang'onopang'ono. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi a ma volt 144 mu Aqua ndi pafupifupi 200 mu Prius, okwanira kupha ajudante amene wazolowera kuyesa batire ya ma volt 12 pogundanitsa mawaya. Malo ophunzitsa ntchito zamanja monga a IFPELAC ali ndi funso loti ayankhe, ndipo silikukhudza achinyamata olowa kumene okha. Amene akufunika maphunziro afupiafupi a madzulo ndi ma mestre a zaka 40 ndi 50 omwe anthu amawakhulupirira kale. N'zodabwitsa kuti chigawo chimene chili ndi Cahora Bassa, ya ma megawatt 2,075, m'dziko limene limakumba graphite wa mabatire ku Balama, chikhoza kulandira galimoto zamagetsi chisanakhale ndi anthu odziwa kuzitsegula.

Munthu wa Hilux yosuluka uja amati iye zimenezi sizimukhudza, chifukwa yake ikadzatopa adzaitanitsa ina yofanana. Msika ukunena zina. Ku United States lamulo limalola kulowetsa galimoto yakunja mosavuta ikakwanitsa zaka 25, choncho ma Land Cruiser, Hilux Surf ndi Hiace a zaka za m'ma 1990 asanduka katundu wa anthu osonkhanitsa galimoto zakale. Pa misika yobetcherana ya ku Japan, wogula wa ku Ulongwe amene akufuna galimoto yonyamula matumba a feteleza akupikisana ndi wogula wa ku Texas amene akufuna yoyendera Loweruka ndi Lamlungu, ndipo wa ku Texas sadikira madola ku banki.